Jaji wa ku India Akhala Nkhoswe wa Vainess

Kalata ya amalume ake inamupeza Vainess Chikopa m'mwezi wa Epulo chaka cha 1976, chipale chofewa chikusungunuka m'misewu ya ku Scarborough, ku Canada. Inali itayenda milungu isanu kuchokera ku Domasi. A Jailosi, amalume akewo, analemba ndi pensulo, mokanikiza mpaka pepala kubooka.

"Nkhani ya mnyamatayo taimva ndipo tayamika Mulungu. Koma ine kubwera sindingathe. Miyendo yafooka, komanso akuti kumeneko kumazizira mpaka makutu kuthothoka. Upeze munthu wamkulu amene umamulemekeza ngati bambo ako, wa imvi, wodziwa kumva mbali zonse ziwiri asanatsegule pakamwa. Ameneyo aime m'malo mwanga ngati nkhoswe wako. Usakwatiwe ngati munthu wopanda kwawo."

Vainess anaipinda kalatayo nausa moyo. Masiku amenewo Amalawi onse a ku Toronto ankakwana m'chipinda chimodzi cha pansi pa tchalitchi, malo a kwaya n'kutsalako. Wa imvi pakati pawo anali mmodzi yekha, a Tobias Mbewe, amene ankagwira ntchito yogawa mankhwala pachipatala. Koma a Tobias anali atatengedwa kale ndi mbali ya mwamuna.

Mwamunayo anali Medson Chalera wa ku Ntcheu, woimba tena mukwaya, wogwira ntchito pafakitale ya magalimoto ku Oshawa. Fakitaleyo inkatseka milungu iwiri yokha pachaka, choncho ukwati anauika Loweruka pa 24 Julaye. Ukaphonya tsiku limenelo, ndiye mpaka chaka chinacho. Ndipo abusa a pampingopo, Mzungu amene anatumikirapo zaka khumi ku Mulanje, mwambo ankaudziwa bwino. Anati ukwati ayenera kuulengeza masabata atatu kuyambira Lamulungu loyamba la Julaye, koma sadzaulengeza ankhoswe a mbali zonse asanaime pamaso pawo ndi kunena kuti agwirizana.

Vainess anapemphera m'basi njira yonse ya kuntchito. Yankho analipeza litakhala pawindo m'nyumba ya m'mwamba, pa nsanjika ya khumi ndi chinayi, litafunda bulangete m'mawondo, likuwerenga mabasi odutsa.

A Madhav Tilvankar anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu. Ali mnyamata analowa ntchito ya boma ku India, Angerezi akadalamulira, ndipo ankayenda pa kavalo m'midzi ngati bwana DC, kugona m'tenti, kumaweruza milandu ya malire a minda. Ankakonda kusimba za mlandu wa chitsime china umene anaupeza uli ndi zaka khumi ndi chimodzi nauthetsa tsiku limodzi, atatsikira yekha m'chitsimemo pachingwe n'kupeza kuti munalibe madzi. Dziko litalandira ufulu anakhala mlembi wamkulu mu ofesi ya zamalamulo, kenako jaji wa khoti lalikulu, ndipo pomaliza anatsogolera komishoni yofufuza mkangano wa madzi a mtsinje wina. Akazi awo atamwalira, sitiroko inawafooketsa dzanja ndi mwendo wa kumanzere, ndipo mwana wawo wamkazi, Dokotala Sulabha, anawatengera ku Canada. Vainess ndiye ankawasamalira masana, dokotalayo ali kuntchito.

Thupi linali litafooka, koma ofesi inali isanatuluke mwa munthuyo. M'nyumbamo chilichonse chinali ndi faelo yake yomanga ndi kansalu kofiira. Vainess atafuna kusintha ola la phala, analemba pepala, a Jaji n'kulemba m'mbali mwake ndi inki yobiriwira kuti, "Zaloledwa mongoyesa."

"A Jaji, ndili ndi pempho," anatero Vainess tsiku limenelo, akuwaongola zala za dzanja lofookalo.

"Mwalilemba?"

"Ayi."

"Ndiye kuti mulibe pempho, Sisita Vainess. Muli ndi maganizo chabe."

Vainess analilemba pathebulo la kukhitchini. A Jaji anavala magalasi, naliwerenga kawiri, nafunsa kuti kodi nkhoswe ndi munthu wotani ndipo mphamvu zake zimalekezera pati.

"Amafufuza ngati mnyamatayo ndi munthu wabwino," anatero Vainess. "Amakumana ndi nkhoswe mnzake wa kuchimuna. Akagwirizana amakauza abusa, ukwati n'kuchitika."

Analekezera pomwepo. Zotsalazo sanazinene, pakuti ndani sadziwa ntchito ya nkhoswe?

"Koma mukudziwa kuti ine si Mkhristu."

"Amalume sanalembe za mpingo. Analemba za imvi ndi makutu."

Maso a mkuluyo anawala ngati nyali imene aithira mafuta. "Ndiye kuti ndi komishoni yofufuza, ya munthu mmodzi," anatero. "Ndipatseni faelo yatsopano. Ndiponso tandifunirani tayi wanga wakuda."

Madzulo a tsiku lomwelo Vainess analembera amalume ake kuti Ambuye apereka nkhoswe, ndipo si nkhoswe wamba.

Loweruka loyamba la Meyi, Medson ndi a Tobias anabwera kuchokera ku Oshawa pa basi ndi sitima, atavala masuti. Anapeza thebulo lodyera lasanduka khoti. A Jaji anakhala kumutu, pambali pawo pali kapu ndi supuni. Vainess anakhazikidwa patali, pafupi ndi firiji.

A Tobias anaomba m'manja mwaulemu, nayamba monga momwe amayambira kwathu, koma m'Chingerezi, kuti tambala wawo waona msoti pakhomo pano. A Jaji anamvetsera mwachidwi, nalemba ndi inki yobiriwira, "Nkhuku: tidzabwererako." Kenako anatembenukira kwa Medson.

"Mumagwira ntchito yanji pafakitale?"

"Ndimaika zitseko pa magalimoto, bwana."

"Za mbali iti?"

"Za kumanzere."

"Nanga za kumanja?"

"Pali mnzanga wina, Joseph, ndiye amaika zimenezo."

"Ndiye kuti pa zaka zitatu simunamalizepo galimoto ndi imodzi yomwe." Analemba. "Sisita Vainess munawaona kuti koyamba?"

"Kukwaya."

"Munkayang'ana buku la nyimbo kapena mkazi?"

Medson anatuluka thukuta. Anali munthu woti bodza limamukanirira pakhosi ngati munga wa nsomba. "Zonse ziwiri, bwana."

"Mofanana?"

"Bukulo pang'ono."

A Tobias anatsokomola. Vainess anayang'anitsitsa firiji ngati sanaionepo. Mafunso anapitirira maola awiri: dzina la agogo a Medson, chifukwa chimene anabwerezera Sitandade Sikisi, ngati amadziwa kusita. Pamene onse ankayembekeza kuti tsopano ankhoswe agwirana chanza, a Jaji anagogoda kapu ndi supuni.

"Mlandu waimitsidwa kwa milungu iwiri."

Milungu iwiri itatha anaitanitsa kalata ya ahedi a sukulu ya Medson ku Ntcheu. A Tobias atanena kuti ahediwo anamwalira kalekale, a Jaji anaimitsanso mlandu kuti alingalire ngati wachiwiri wawo angakwanire. Kenako anaitana Mayi Alice, eni nyumba imene Medson ankachita lendi, gogo wachizungu amene anabwera atavala chipewa cha maluwa nachitira umboni kuti mnyamatayo vuto lake ndi limodzi, kuimba m'bafa. Pakati pa Juni a Jaji analamula kuti komishoni ikaone malo. Dokotala Sulabha anawanyamula pagalimoto mpaka ku Oshawa. Munthu amene kwa chaka chathunthu ankakana kufika ngakhale pa elevetala, chikepe cha m'nyumba yawo, anakwera masitepe khumi ndi awiri ndi ndodo yake, natsegula makabati onse a Medson. Anapeza poto mmodzi, mbale imodzi ndi supuni imodzi.

"Umboni wamphamvu," anatero, akukweza supuniyo m'mwamba. "M'nyumba muno simunalowepo mkazi."

Medson anamwetulira, poganiza kuti zatheka. A Jaji anagogoda potoyo ndi supuni yomweyo naimitsa mlandu.

Lamulungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, Medson anamukokera Vainess pambali pamalo odikirira basi.

"Naphiri, nkhoswe wanuyu atiadjourna mpaka kubwera kwa Ambuye."

"Musatchule dzina la Ambuye muli ndi mkwiyo."

"Ndilibe mkwiyo, ndili ndi kalendala. Nyumba ndinapenta. Makadi tinatumiza. Supuni ndagula zisanu ndi imodzi. Kwatsala masabata awiri kuti abusa alengeze, munthu akundifunsabe za Sitandade Sikisi!"

A Tobias, amene anaima chapafupi, analowererapo. "Mwana wanga, bwanji tingopeza wina? Ngakhale William uja wa ku Chipata. Imvi tingamudzoze ufa."

"Amalume ndinawalembera kale dzina la a Jaji, ndipo anayankha kuti avomera," anatero Vainess. "Kuti ndiwalemberenso n'kudikira yankho ndi milungu khumi."

Panalinso china chimene sananene. Chiyambire mlanduwo a Jaji ankamaliza chakudya chonse. Ankameta okha ndevu. Mabasi anasiya kuwawerenga. Dokotala Sulabha anamugwira Vainess manja onse awiri tsiku lina, misozi ili m'maso, namuuza kuti abambo ake auka kwa akufa. Tsono munthu ungamulande bwanji mankhwala amene akumuchiritsa, ngakhale mankhwalawo atakhala ukwati wako?

Vainess anakumbukira mkazi wamasiye uja wa m'Malemba amene anamuvutitsa woweruza tsiku ndi tsiku mpaka anamuweruzira mlandu wake. Anatsimikiza zochita chimodzimodzi. M'mawa uliwonse, pambali pa phala, ankaika kapepala kokumbutsa za tsiku la abusa. Koma woweruza wa m'Malemba uja analibe inki yobiriwira. A Jaji ankalandira kapepalako mokondwa, kukapatsa nambala, kukaboola ndi kukamangirira mu faelo. "Chikumbutso chachisanu ndi chinayi chalandiridwa. Chikuganiziridwa."

Linafika Lachisanu, pa 2 Julaye. Abusa anali atanena kuti adzadikira ankhoswe mu ofesi yawo Loweruka mpaka 12 koloko masana, osapitirira. M'mawa umenewo a Jaji ali kubafa kumeta, Vainess ankasintha nsalu za pabedi, akung'ung'udza nyimbo ya chitonthozo imene amayi ake ankaimba pamaliro. Atakweza matiresi anaona mapepala omangidwa ndi kansalu kofiira. Anali masamba makumi awiri ndi atatu, olembedwa pamanja. Pamwamba panalembedwa kuti Chigamulo. Tsiku lake linali 15 Meyi.

Vainess sanali munthu wowerenga za eni, koma dzina lake linali pamzere woyamba. Anatsegula tsamba lomaliza.

"Mnyamatayu ndi woona mtima mpaka kumvetsa chisoni. Adzamusunga bwino mkazi ameneyu, amene ndikanakhala ndi mwana wachiwiri ndikanafuna akhale iyeyo. Komishoni ikuvomereza ukwatiwu popanda kukayika kulikonse."

Pansi pake panali mzere wa siginecha, wopanda kanthu.

A Jaji atatuluka kubafa anamupeza ataima pakati pa chipinda, mapepalawo ali m'manja.

"Amenewo ndi mapepala achinsinsi a komishoni," anatero, koma mawu awo analibe mphamvu.

"Meyi, a Jaji? Milungu isanu ndi iwiri ine ndikusala kudya Lachitatu lililonse, Medson akuonda, a Tobias akutha nsapato, yankho lili pansi pa matiresi amene ndimayala ndekha?"

"Mumayala pamwamba."

"Bambo, ndikufunsa ngati mwana wanu. Ndakulakwirani chiyani?"

Mkuluyo anakhala pansi pampando wake wa pawindo. Mabasi awiri anadutsa osawerengedwa.

"Komishoni yanga yomaliza inatenga zaka zinayi," anatero. "Lipoti lake linali masamba chikwi ndi mazana anayi. Tsiku limene ndinasaina anandiveka nkhata za maluwa m'khosi mpaka sindinkaona kutsogolo. M'mawa mwake galimoto sinabwere. Foni sinalire. Panali mesenjala wa lamba wofiira amene anayenda patsogolo panga zaka makumi awiri, kumauza anthu kuti apatuke. Patatha sabata ndinamuona akuyenda patsogolo pa munthu wina. Sindikudandaula, ndi mmene lamulo lilili. Jaji akasaina chigamulo, mphamvu yake pa mlanduwo yathera pomwepo. Sangaukhudzenso, ngakhale kuwonjezera kadontho. Ndikasaina ichi, inu mupita ku Oshawa, faelo ipita m'kabati, ine ndibwerera kwa mabasi anga. Ndachita chinthu chimene ndinkadzudzula majaji ena moyo wanga wonse. Ndasunga mlandu chifukwa choukonda."

Vainess anafuna kulira, koma chimene chinatuluka chinali kuseka. Anaseka mpaka anakhala pabedi losayalalo, akupukuta misozi ndi pilo.

"Sindikuona choseketsa," anatero a Jaji.

"Ndani anakuuzani kuti unkhoswe umatha?"

"Inu. Munati nkhoswe amafufuza, amagwirizana ndi mnzake, amauza abusa."

"Kumeneko n'kulowa chabe pakhomo! Ntchito yeniyeni imayamba ukwati ukachitika. Tikakangana ndi Medson tidzapita kuti? Kwa inu. Akandinyoza, ndidzanyamula chikwama changa kubwera kuno, ndipo iyeyo sadzanditenga mpaka inu ndi a Tobias mutakhala pansi. Mwana akadwala, woyamba kumva ndinu. Tikafuna kusamuka, tidzayamba tauza inu."

A Jaji anavula magalasi, nawavalanso. "Zimenezi ndi zonena za munthu amene mlandu ukumukhudza. Pakufunika mboni yodziwa mwambo."

Vainess anaimba foni kuchipatala. A Tobias anafika nthawi ya chakudya chamasana, atavala gawuni yawo yoyera ya kuntchito, akupuma mwawefuwefu. Anapeza khoti litakhala kale, tayi ali m'khosi.

"A Mbewe, mwakhala nkhoswe kangati?"

"Mabanja atatu, bwana. Ili ndi lachinayi, Mulungu akalola, ndi inu mukalola."

"Banja loyamba munamaliza liti ntchito yake?"

"Kumaliza?" A Tobias anaseka mowawa. "Douglas ndi Selina a ku Brampton ndinawakwatitsa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Mwezi wathawu ndinakwera mabasi atatu kupita kumeneko chifukwa Douglas ananena pamaso pa alendo kuti ndiwo zachepa mchere. Ndinakhala maola anayi. Mchere tinaumaliza msanga, koma kenako anatulutsa nkhani ya 1971."

A Jaji anasendera kutsogolo. "Milandu yakale imaloledwa kutsegulidwanso?"

"Simaloledwa, imangobwera yokha."

"Wosakhutira amakachita apilo kuti?"

"Kulibe. Akapita kwa abusa, abusa amafunsa kuti ankhoswe anena chiyani, n'kuwabweza kwa ife."

"Nanga nkhoswe amapuma pa ntchito ali ndi zaka zingati?"

"Amapuma akamuika m'manda, bwana. Ngakhale pamenepo ena amadandaula kuti wathawa nkhani ili pakati."

A Jaji anatsinzina ngati munthu amene akumva kwaya ikuimba vesi lomaliza. "Kukhoti lalikulu anandipumitsa ndikadali ndi mano onse," anatero motsitsa. "Ndipo kuno kuli khoti lopanda apilo, lopanda kupuma, lokhala ndi milandu yobwera yokha." Anatsegula maso nayang'ana Vainess mwaukali. "Sisita, munabisira komishoni mfundo yaikulu. Ndikanafuna ndikanakudzudzulani polemba."

"Ndalakwa, a Jaji."

"Peni."

Anasaina ndi inki yobiriwira, siginecha yaikulu yokhala ndi mchira, nagogoda kapu katatu.

Loweruka m'ma 11 koloko anaima pamaso pa abusa, a Tobias mbali iyi, a Jaji mbali iyo atatsamira ndodo. Abusa anafunsa m'Chichewa chawo cha ku Mulanje ngati ankhoswe agwirizana. A Tobias anati eya. A Jaji anamasula kansalu kofiira nayamba kuwerenga tsamba loyamba. Abusa, munthu woleza mtima, anapirira mpaka tsamba lachisanu ndi chimodzi, pamene pankafotokozedwa za zitseko za kumanzere, ndipo anafunsa mwaulemu ngati zonsezo zikutanthauza kuti eya. A Jaji anati mwachidule zikhoza kutanthauza choncho. M'mawa mwake ukwati unalengezedwa, ndipo Medson anaimba tena mokweza mpaka amayi a kutsogolo anacheuka.

Nkhani ya nkhuku ija inabwereradi. Pa chinkhoswe, m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, ankhoswe anayenera kusinthana nkhuku zowotcha ndi kudya pamaso pa anthu. A Jaji chibadwire anali asanalawepo nyama. Vainess anagwira mtima pamene a Tobias ankawapatsira tambala m'mbale. Mkuluyo anailandira ndi ulemu wonse, naiyang'ana mbali zonse, namangirira kansalu kofiira ku mwendo wake pamodzi ndi kapepala kolembedwa kuti Umboni Woyamba. Kenako anaibwezera kwa a Tobias kuti aisunge m'malo mwa khoti, pamalo otetezeka. A Tobias anaisunga pamalo pamene palibe munthu akanaipezanso, natsala ndi mafupa okha, ndipo amayi analuluta kuti mwambo wakwanira.

Ukwati unachitika pa 24 Julaye monga anakonzera. Vainess anasamukira ku Oshawa napeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Mulungu anawapatsa mtendere wochuluka m'banjamo, wochuluka mwina kuposa umene unkafunika.

Kumapeto kwa Ogasiti, Dokotala Sulabha anaimba foni. Anati abambo ake Loweruka lililonse amavala tayi kuyambira m'mawa, n'kukhala kumutu kwa thebulo ndi faelo yatsopano yolembedwa kuti Chalera ndi Chalera. Mkati mwake mulibe pepala ndi limodzi lomwe. Sabata imeneyo anayambanso kusiya phala.

Vainess anaika foni pansi napita kukhitchini, kumene Medson ankatsuka supuni zake zisanu ndi imodzi.

"Abambo, tikufunika kukangana."

"Chifukwa chiyani?"

"A Jaji akuonda. Tinawalonjeza milandu."

Medson anapukuta manja naganiza. "Tinene kuti ndiwo zachepa mchere."

"Umenewo ndi mlandu wa Douglas, adzauzindikira. Komanso bodza ndi tchimo. Pakufunika chinthu choona."

"Choona palibe, Naphiri. Ine ndilibe nanu chifukwa."

"Ngakhale chimodzi?"

"Chabwino, tinene za windo. Mumatseka mawindo onse ngati tili mu Januwale, munthu kumapuma mpweya wa dzulo."

"Ndimatseka chifukwa cha mkonono wanu, kuti Mayi Alice asatithamangitse."

"Mkonono wa ndani?"

"Wanu. Fakitale yonse imasamukira kuchipinda."

"Ine sindiliza mkonono! Zaka zonsezi palibe anandiuzapo."

"Akanakuuzani ndani? Supuni imodzi ija?"

Loweruka anakwera basi ya ku Scarborough wina kutsogolo, wina kumbuyo. Mu elevetala aliyense anayang'ana khoma lake. Atalowa m'nyumba, Vainess anakhala pafupi ndi firiji, Medson pafupi ndi khomo, ndipo a Tobias, amene anawaitanitsa mwadzidzidzi, anakhala pakati akusisita mawondo.

A Jaji anayang'ana mkazi, nayang'ana mwamuna, nayeza ndi maso mtunda umene unali pakati pa mipando iwiriyo. Nkhope yawo inawala. Anaongola tayi, nakoka faelo, natsegula peni.

"Mwalilemba?" anafunsa.

Onse awiri anapisa m'matumba. La Vainess linali tsamba limodzi. La Medson anali masamba anayi.

A Jaji anatembenukira kwa mwana wawo. "Sulabha, phala lija ulitenthetse," anatero. "Ndipo uphikire anthu onse. Lero tichedwa."